Kanema wakumwamba saona mbaula yanu

Abale anzanga a m'tauni, inu amene mumagula nyuzi ino sabata ndi sabata, lero ndabwera ndi mlandu, ndipo oyankha mlanduwo ndinu.

Kwabwera chida china masiku ano chimene chikupatsa anthu ophunzira mpata wonyoza anthu akumudzi popanda chikumbumtima kuwavuta. Dzina lake ati timelapse. Ndi pulogalamu ya pakompyuta kapena pafoni imene imatola zithunzi zambirimbiri za malo amodzi, zojambulidwa nthawi zosiyana, n'kuzisanja mwa ndondomeko ya masiku ake, kenaka n'kuzithamangitsa mpaka zisanduke kanema. Duwa limene limatenga sabata kuti limasule mumaliona likumasula musanaphethire kawiri. Nyumba yomangidwa chaka chathunthu imangomera ngati bowa. Mpaka apa palibe choipa, ndi zosangalatsa ana.

Nkhani inakula pamene a Google anatenga nzeru imeneyi n'kuigwiritsa ntchito pa dziko lonse lapansi. Kuyambira m'chaka cha 1972 a ku America akhala akuponya mumlengalenga makina otchedwa Landsat amene amazungulira dziko uku akujambula pansi. Makina a masiku ano amauluka pa mtunda wa makilomita 705 kuchokera pansi, ndipo amabwerera pamwamba pa malo omwewo pakatha masiku 16. Kale zithunzi zake zinali zogula, koma mu 2008 anazimasula kuti aliyense azitenga ulere. Pofika 2013 a Google, mogwirizana ndi a NASA ndi ena, anatulutsa kanema wa dziko lonse woyambira mu 1984, chithunzi chimodzi pa chaka, ndipo mu 2021 anamulowetsa mu Google Earth atasoka pamodzi zithunzi 24 miliyoni. Tsono aliyense amene ali ndi bandulo angathe kufufuza Namitete, Nsaru kapena Dzalanyama, n'kuonerera zaka pafupifupi 40 zikudutsa m'timasekondi towerengeka.

Chimene amaona n'chowawa, sindikana. Dzalanyama, nkhalango ya mahekitala pafupifupi 99,000 imene inatetezedwa ndi lamulo kuyambira 1922, imaoneka ngati bulangete limene njenjete zaliyamba cha m'mphepete. Pamene panali mdima wa mitengo ya mombo ndi tsamba pamanka payera mbee. Akatha kuonerera, bwana amapukusa mutu, kuusa moyo, n'kutulutsa mawu amene ndatopa nawo kuwamva m'maminibasi, m'maofesi ndi m'misonkhano ya m'mahotela: "Anthu akumudzi ndi osamva. Atha mitengo yonse." Akatero amaitana mwana wantchito kuti akoleze mbaula, nyemba zikuchedwa.

Mlandu wanga ndi uwu. Kanemayu sanama, koma ndi mboni imene inaonerera ndewu ili pamwamba pa phiri. Inaona munthu akugwa. Amene anatuma achifwambawo n'kuwalipira sinamuone. Ndipo inu mwaikonda mboni imeneyi kaamba ka chomwe sinaonecho.

Muzidziwa kuti kanema aliyense wa mtundu umenewu amabadwa munthu atasankha zinthu zitatu: poimika kamera, poyambira, ndi liwiro. Pulogalamu payokha ilibe maganizo, imangosoka zimene aipatsa. Tiyeni tizione zitatuzi chimodzichimodzi.

Choyamba, poimika kamera. Chithunzi cha Landsat n'chopangidwa ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse kamaimira malo a mamita 30 m'litali ndi mamita 30 m'lifupi. Bwalo lonse la mpira limangokwana timadontho pafupifupi 8. Tsono ndiuzeni, m'kadontho kotere njinga ingaoneke? Uvuni wa makala ungaoneke? Lole imene imatuluka m'nkhalango usiku itafunda tenti ingaoneke? Nanga dzanja limene limalandira kangachepe pa lodibuloko? Nanga thumba limene lili kuseri kwa khitchini yanu ku Area 47, ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chinsapo? Zonsezi n'zazing'ono kuposa kadontho. Chimene chimaoneka ndi bala lokha, ndipo popeza balalo lili kumudzi, mlandu wonse umagwera wakumudzi.

Koma anthu amene anayenda pansi n'kuwerenga matumba anapeza zina. Kafukufuku amene a Patrick Kambewa ndi anzawo anatulutsa mu 2007 anapeza kuti mizinda inayi yokha, Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, inkatha matumba a makala pafupifupi 6 miliyoni pa chaka. Anapeza kuti anthu pafupifupi 92,800 ankadyera malonda amenewa, ndi kuti pa K100 iliyonse imene wogula ankalipira, pakati pa K12 ndi K20 inkathera ku ziphuphu za m'njira. Imeneyotu ndi 2007, mizinda isanafufume momwe yafufumiramu. Wakumudzi saphikira makala kawirikawiri, iye amatola nkhuni, zitsononkho ndi mapesi. Makala ndi katundu wa m'tauni. Amaotchedwa chifukwa pali wogula, ndipo wogulayo ali ndi dzina, nambala ya nyumba ndi malipiro a pamwezi.

Chachiwiri, poyambira. Kanema wa Google amayamba mu 1984, ngati kuti dziko linalengedwa chaka chimenecho. Koma chigwa cha kumadzulo kwa Lilongwe chinayamba kumetedwa kalekale. M'zaka za m'ma 1920 mzungu wina, A. F. Barron, anakhazikika ku Mbabzi n'kuyamba kulimbikitsa anthu a m'midzi kulima fodya wa chikopa, uja wofuna utsi wa nkhuni kuti apse. Mu 1926 boma la atsamunda linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti lizilamulira malonda a fodyayo. Mu 1968 kunabwera chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank, kudzalambula misewu, kukumba mijigo, kudula malire a minda ndi kulembetsa malo mwa dongosolo lija la ndunda. Pofika 1990 lamulo linamasuka kuti alimi ang'onoang'ono nawonso azilima fodya wa bale, ndipo zigafa zinamera m'mudzi uliwonse, chigafa chilichonse chofuna mapaso ndi mafoloko ake.

Kodi ndalama za fodya ameneyu zinathera kwa Kabudula? Zinamanga Nsaru? Fodya ankakwera lole kupita ku okushoni, ndalama zakunja zimene ankabweretsa n'kugula mafuta a galimoto zanu, mankhwala a m'zipatala zanu ndi mapepala a m'maofesi mwanu. Dziko linkauza mlimi kuti fodya ndi golide wathu, lima kwambiri. Lero dziko lomwelo likumuonetsa kanema n'kumufunsa kuti mitengo waipititsa kuti. Ukayamba kufotokoza ndewu kuchokera pa chibakera chomaliza, wolakwa amakhala amene wamenya pomalizirayo. Mfumu yanzeru imafunsa kuti zinayamba bwanji.

Chachitatu, liwiro. Ili ndiye tsoka lalikulu. Zaka 40 zikathamangitsidwa m'masekondi ochepa, kutha kwa nkhalango kumaoneka ngati matenda, ngati chiswe, ngati chinthu chimene chinangodzichitikira chokha. M'kanemamo mulibe chaka cha njala ya 2002, pamene anthu anagulitsa mbuzi, njinga ndi ziwiya kuti apeze chimanga. Mulibe chaka chimene fodya anabwezedwa ku okushoni, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Mulibe bambo amene anakhala pa chitsa n'kuwerengera fizi ya mwana, kenaka n'kunola nkhwangwa. Mulibenso bwana amene anasaina kapena kukana kusaina pepala. Mtengo uliwonse unagwa tsiku lake, pa chifukwa chake, ndipo ambiri mwa iwo anagwa wina atalonjeza kugula. Liwiro limafufuta zonsezi, n'kusiya inu mukungoti, "Mayo ine, dziko latha!" ngati mukuonerera ngozi ya kudziko lina.

Tsono ndikupempheni kanthu kamodzi. Ulendo wina mukatsegula kanemayu, musathamangire kutseka mukaona Dzalanyama. Kankhani chithunzicho pang'ono kuti mzinda wa Lilongwe ulowemo. Mudzaona chilombo china chikukula nthawi yomweyo imene nkhalango ikuchepa. Pa kalembera wa 1987 mzindawu unali ndi anthu pafupifupi 223,000. Pa kalembera wa 2018 unali ndi anthu 989,000. Malata akuyanga m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, kudutsa ku Njewa, ndipo minda ya cha ku Chitedze ndi ku Mpingu ikudulidwa mapuloti. Nyumba zimenezi n'za njerwa zootcha, mipanda yake n'njerwa zootcha, ndipo ng'anjo ya njerwa sidya udzu, imadya zipika. Boma linachita kuletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda mu 2018, koma mpanda wa nyumba yanu uja, wautali kuposa munthu, munamangira chiyani? Akanema awiriwa, wa nkhalango ndi wa mzinda, ndi kanema mmodzi. Kungoti inu mumaonerera theka.

Ndipo pali chinthu china chimene kanemayu amaonetsa poyera koma simuchitchula. Tsitsani maso pa midzi ya kwa Kabudula, ya ku Nsaru, ya ku Nambuma ndi ya ku Namitete. Pakati pa minda yoyera mbee mudzaona tizilumba tobiriwira bii, apa kamodzi, apo kamodzi, ndipo zaka zikamathamanga tambiri mwa ito timangokhala pomwepo. Amenewo ndi manda. Kumeneko ndiko kwatsala mitengo yachilengedwe ya msinkhu wa agogo athu. Kulibe waya, kulibe mlonda wa mfuti, kulibe galimoto ya polojekiti. Kuli mfumu, kuli dambwe, kuli mwambo wakuti sulowako ndi nkhwangwa mwachisawawa. Ena mwa mandawa ayamba kudyedwa m'mphepete, n'zoona, koma ambiri aima.

Nanga anthu osamva aja ndi ati? Anthu omwewo, aumphawi womwewo, a nkhwangwa zomwezo, asunga mitengo ya kumanda zaka zonsezi. Pamene nkhalango ya boma, ya malamulo olembedwa m'Chingerezi, inafika poti mu 2015 boma linatumizako asilikali a Malawi Defence Force, mothandizidwa ndi ndalama za bungwe la Lilongwe Water Board. Chifukwa chake mukuchidziwa: mtsinje wa Lilongwe umachokera m'menemo, ndipo madzi ake ndi amene amadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989. Kunena mosapsatira, asilikali anapita kukateteza mpopi wanu kwa anthu amene ankatumikira mbaula yanu. Dzanja lamanja linalipira msilikali kudzera m'bilu ya madzi, lamanzere n'kulipira wootcha makala pa geti. Zoterezi mukazitcha chiyani?

Phunziro la kumanda n'losavuta. Mtengo umene uli ndi mwini wake wooneka, amene anthu amamuopa ndi kumulemekeza, umaima. Mtengo umene mwini wake ali ku Capital Hill, koma wogula wake ali pa geti ndi ndalama m'manja, umagwa.

Ndikudziwa zimene mukunena mumtima. Mukuti, "Achimwene, mukufuna tiphikire chiyani? Magetsi amathimathima, mayunitsi sachedwa kutha, gasi ndi wodula." Ndamva, ndipo simukunama. Tonse tikukumbukira 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mphamvu ya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kukhala wa tsiku ndi tsiku. Mabanja ambiri a ku Mtandire ndi ku Mgona alibe n'komwe waya wa magetsi. Amenewo sindikulimbana nawo. Ndikulimbana ndi inu amene muli ndi kuka ya magetsi yofundika nsalu, galimoto ziwiri pabwalo ndi foni yoonerera Dzalanyama. Chifundo chimene mukudzimvera nokhacho, chakuti "ndilibe kuchitira mwina", bwanji simumumvera mnzanu amene amakankha matumba atatu pa njinga usiku wonse? Iye akati alibe kuchitira mwina mumati ndi mbuli. Inu mukatero mumati ndi mavuto a zachuma. Paja akulu anati anyani sasekana zikundu.

Sindikuti wootcha makala ndi mngelo. Akuphwanya lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, ndipo akudula nthambi imene wakhalira, pakuti chitsime chikauma woyamba kuvutika ndi mkazi wake. Koma wanjinga timamuona akulandidwa katundu ndi njinga yomwe. Kodi munamvapo kuti bwana wakutiwakuti wagona m'chitokosi kaamba ka matumba amene anatsitsa m'galimoto ya kuntchito pochokera ku fiyudi? Lamulo lathu lili ngati Landsat yemwe, limaona bwino kumudzi kuposa kuseri kwa mpanda.

Ndiye titaye chidachi? Ayi ndithu. Chida n'chabwino, chalakwika ndi poimika kamera. Ndikuti tiitsitse kamerayo kuchoka kumwamba, tiipereke m'manja mwa anthu amene akhala akungojambulidwa.

Ntchito yake si yamatsenga. Zika chikhomo cholimba pansi, makamaka cha simenti, kuti kamera izikhala pamalo amodzimodzi. Loza mbali imodzimodzi, ndipo m'chithunzimo muzikhala chizindikiro chosasuntha, kaya ndi phiri, chulu kapena denga la tchalitchi. Jambula nthawi yofanana, tinene Lolemba lililonse m'mawa, ndipo usafufute deti limene foni imalemba pa chithunzi chilichonse. Pakatha zaka zisanu uli ndi zithunzi 260. Pulogalamu imazisanja, kuziwongola pamene dzanja linapendeka, kulinganiza kuwala kuti kanema asamaphethire, ndipo ukaziyendetsa 10 pa sekondi uli ndi kanema wa masekondi 26. Mapulogalamu ake alipo aulere, monga ina yotchedwa FFmpeg, ndipo mafoni ambiri a masiku ano amabwera ndi timelapse m'kamera mwake. Mwana wa Fomu 3 ku Namitete angaigwire ntchito imeneyi bwinobwino. Kusiyana kwake n'kwakuti kamera ya pansi imaona chitsa, imaona tayala, imaona chikwangwani.

Ine ndikufuna kuona akanema atatu.

Woyamba ajambulidwe m'tauni muno, pa mulu wa makala pamsika. Chithunzi chimodzi pa masekondi awiri alionse, kuyambira 5 koloko mpaka 8 koloko m'mawa, ndi zithunzi 5,400, kanema wa mphindi zitatu. Cholinga si kugwiritsa wanjinga, iye wagwidwa kokwanira. Tione mulu ukusungunuka, tione mtundu wa galimoto zimene zikuimapo ndi nsapato za amene akutsikamo. Kanema ameneyu aonetsedwe m'misonkhano ya m'mahotela ija asanaonetse wa Dzalanyama.

Wachiwiri ajambulidwe ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe, m'nkhalango za m'midzi zimene mafumu apatula. Mitengo yathu yachilengedwe ili ndi khalidwe limodzi labwino: chitsa chake chikatetezedwa ku moto, mbuzi ndi nkhwangwa, chimaphukanso. Mudzi umene wasunga zitsa zake zaka zisanu ukhale ndi umboni wooneka ndi maso, kuti pamene ndalama zosamalira chilengedwe zikugawidwa, usamangomva kuti zinathera ku maalawansi. Ndipo tisamangowerenga mbande zimene nduna yabzala mu Januwale pamaso pa atolankhani. Kamera ibwerere pa dzenje lomwelo mu Okutobala, tione ngati pali mtengo kapena chikwangwani chokha.

Wachitatu ndiye wofulumira kuposa onse. Ku Kasiya, kufupi ndi kwa Kabudula komweko, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti yapeza mchenga wa rutile wochuluka kuposa kwina kulikonse kodziwika pa dziko lapansi, pamodzi ndi graphite, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto inagulamo masheya. Rutile ndi amene amapangira chitsulo cha titanium ndi utoto woyera wa penti. Chumachi chili pansi pa minda ya anthu. Eni kampani amati akakumba adzabwezeretsa nthaka kuti anthu alimenso. Sindikuti akunama. Ndikuti lonjezo lotere limafuna mboni, ndipo kampani ili ndi makamera ake ndi akatswiri ake. Nanga mwini munda ali ndi chiyani? Mudzi uliwonse wa kumeneko uyambe lero kujambula minda yake, madambo ake, zitsime zake, mitengo ya mango ndi manda ake. Tsiku lokambirana za chipukuta misozi likadzafika, kapena tsiku lofunsa ngati nthaka yabwereradi mwakale, pasadzakhale kukangana kwa "kunali" ndi "kunalibe". Zithunzi zidzayankhe. Mlandu suola, koma umboni wosasungidwa umaola.

Izi n'zimene chida chimenechi chingatichitire chikakhala m'manja oyenera. Chingapatse mphamvu amayi a ku Nambuma amene mawu awo samveka ku Capital Hill, chingakumbutse phungu za mlatho umene wakhala pa maziko chisankho ndi chisankho, chingaonetse kuti wakumudzi amadziwa kusunga chimene chili chake. Koma chikangokhala choonerera pa sofa, ntchito yake idzakhala imodzi yokha, kukusambitsani m'manja.

Tsono inu a m'tauni, musanatchulenso mawu akuti "osamva", chitani ichi. Tsegulani kanema wa kumwamba uja, mufufuze dera limene mukukhala, mubwerere ku 1984. Onani chimene chinali pamalopo. Kenaka muyendetse zaka pang'onopang'ono mpaka kadontho ka denga lanu kaonekere. Imani pomwepo, muone chaka chake, ndipo mudzifunse kuti njerwa zake zinapsa ndi mitengo ya kwa yani.